Diso la Mlendo pa Njala ya ku Wimbe: Kuyesa Ntchito ya Bambo Dick Pope

Kanema ali ndi eni ake ambiri, koma anthu oonera amadziwako awiri kapena atatu okha. Amadziwa ochita sewero pakuti nkhope zawo zili poyera, ndipo ena amadziwanso dzina la wotsogolera amene ayendetsa ntchito yonse. Koma pali munthu wina amene saoneka konse pa chinsalu, ngakhale kuti chilichonse chimene woonera apenya chinayamba chadzera m'diso lake. Munthu ameneyu ndiye wojambula. Iye ndiye alamula poti kamera iime, kaya patali kaya pafupi, kaya pamwamba pa mutu wa munthu kaya m'munsi mwa mawondo ake. Iye ndiye ayesa kuwala kumene kugwe pa nkhope ndi mdima umene utsale m'ngodya ya nyumba. Monga mlembi asankha mawu ena nasiya ena, momwemonso wojambula asankha zooneka zina nabisa zina, ndipo chifukwa cha ichi ntchito yake iyenera kuweruzidwa monga aweruzira buku.

Nkhani imeneyi ikhudza aphunzitsi a sukulu za pulayimale, makamaka a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, kumene ana aonera kanema m'tinyumba ta pa msika ndi pa mafoni a akulu awo asanadziwe bwino kuwerenga. Mu 2019 kunatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene anajambulidwa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi lino, ndipo mawu ake ambiri ndi a Chichewa. Anayamba kuonetsedwa ku Sundance m'dziko la America mwezi wa January, nalowa pa Netflix pa 1 March chaka chomwecho, kotero kuti anthu ambiri amene sanapondepo pa Malawi anaona dziko lino nthawi yoyamba mwa kanema ameneyu. Amene analamula kamera anali Bambo Dick Pope, Mngelezi amene anagwiranso ntchito ndi amisiri a ku America. Funso loyenera kwa wophunzira uphunzitsi ndi ili: kodi mlendo ameneyu anaona chiyani, nanga chimene chinampita ndi chiti?

Munthuyo ndi Ntchito Zake

Bambo Pope anabadwa mu 1947 ku Bromley, pafupi ndi London, ndipo anamwalira mwezi wa October 2024 ali ndi zaka 77. Anayamba ntchito ali mnyamata m'nyumba yotsukira mafilimu ya Pathé, kumene anaphunzira katulukidwe ka chithunzi m'mankhwala asanaphunzire kuchijambula. Pambuyo pake anakhala zaka zambiri akujambula nkhani zoona za pa wailesi ya kanema, monga World in Action ndi Disappearing World, zimene zinawafikitsa kumaiko akutali, ngakhale kumene kunali nkhondo. Sukulu imeneyi ndi yowawa, pakuti wojambula nkhani zoona sangauze dzuwa kuti lidikire, kapena kupempha mayi wolira kuti abwereze kulira kwake. Ayenera kuima pamalo poyenera chinthucho chisanachitike, ndipo akaphonya waphonyeratu. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kumeneko ndiko chuma chimene a Pope anachoka nacho ku ntchito imeneyi.

Mbiri yawo inamveka pamene anayamba kugwirizana ndi wotsogolera wotchedwa Mike Leigh. Kuyambira pa Life Is Sweet mu 1990 kufikira pa Hard Truths mu 2024, awiriwa anapanga pamodzi makanema oposa 10, ndipo ambiri mwa iwo anena za anthu wamba a ku England, okhala m'nyumba zazing'ono, okangana ndi kuyanjananso pa thebulo lodyera. Mu Secrets & Lies wa 1996 muli malo amodzi oyenera kuwakumbukira. Mayi wachizungu akumana ndi mwana wake wamkazi wakuda amene anampereka kwa ena ali khanda, ndipo awiriwo akhala moyandikana m'nyumba yomwera tiyi. Kamera iima chiimire kutsogolo kwawo kwa mphindi zingapo, yosasuntha ndi yosadula, ndipo nkhope ziwirizo, yoyera ndi yakuda, zioneka bwino lomwe m'kuwala kumodzi. Munthu amene anatha kuchita ichi anali atakonzeka kale kudzajambula ku Wimbe.

Kwa Amereka a Pope anajambula The Illusionist wa 2006, Honeydripper wa 2007 amene John Sayles anatsogolera, nkhani ya anthu akuda a ku Alabama, ndiponso makanema awiri a Richard Linklater. Kawiri dzina lawo linaikidwa pakati pa opikisana pa mphotho ya Oscar: poyamba chifukwa cha The Illusionist, kachiwiri chifukwa cha Mr. Turner wa 2014, amene asimba za J. M. W. Turner, mmisiri wa utoto amene anakonda kujambula dzuwa pa nyanja. Mphothoyo sanailandire, koma ku Cannes mu 2014 anapatsidwa ulemu wa mmisiri wopambana. Chotero amene anafika ku Kasungu mu 2017 anali munthu wa zaka pafupifupi 70, wodziwa bwino zinthu ziwiri, nkhope ya munthu wosauka ndi kuwala kwa thambo.

Njira Imene Bambo Toland Analambula

Kujambula njala ya alimi kunayamba kale ku America, ndipo woyenera kutchulidwa poyamba ndi Bambo Gregg Toland, amene anabadwa mu 1904 namwalira mu 1948 ali ndi zaka 44 zokha. Iwo ndiwo anajambula The Grapes of Wrath wa 1940, motsogozedwa ndi John Ford, nkhani ya banja la alimi a ku Oklahoma amene chilala, fumbi ndi eni nthaka zinawachotsa pa munda wawo. Masiku amenewo makanema a ku Hollywood anali kuwalitsa nkhope za ochita sewero ndi nyali zambiri kuti aoneke osalala ngati ana a mafumu. A Toland anakana mwambo umenewu. Analola usiku kukhala usiku, kotero kuti pamalo pena anthu alankhula m'nyumba yosiyidwa ndipo woonera aona nkhope zawo ndi kuwala konga kwa kandulo imodzi yokha. Chaka chotsatira, mu Citizen Kane wa Orson Welles, anakhwimitsa luso lina, lakuti munthu wapafupi ndi wapatali aoneke bwino onse pa nthawi imodzi, kuti diso la woonera lidzisankhire lokha poyang'ana. Welles anazindikira ngongole yake, naika dzina la a Toland pa tsamba limodzi ndi lake kumapeto kwa kanemayo.

Ntchito ya a Toland inasiyira amisiri a pambuyo pawo malamulo awiri osalembedwa. Loyamba ndi lakuti umphawi usadzozedwe mafuta. Lachiwiri ndi lakuti munthu ajambulidwe pamodzi ndi malo ake, pakuti mlimi amene munda wake suoneka kumbuyo kwake ndi theka la mlimi. Nkhani ya ku Wimbe ifanana ndi ya ku Oklahoma m'zambiri: nthaka youma, bambo wochita manyazi pamaso pa ana ake, mayi amene agwiriziza banja, ndi anthu amphamvu amene sakumva. Chifukwa chake nkoyenera kuyesa ntchito ya a Pope ndi muyeso wa malamulo awiriwa.

Zimene Diso Lawo Linaona Bwino

Nkhaniyo ndi yodziwika. William Kamkwamba anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe. Pa njala ya 2001 ndi 2002, imene boma linalengeza mwezi wa February 2002 kuti ndi tsoka la dziko lonse, iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Powerenga buku lotchedwa Using Energy m'laibulale yaing'ono ya kwawoko, anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, ali ndi zaka 14. Buku losimba za moyo wake, limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo Chiwetel Ejiofor ndiye analisandutsa kanema, natenganso mbali ya a Trywell, bambo a mnyamatayo.

Kanemayo anagawidwa zigawo 5 zokhala ndi mitu ya Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala ndi Mphepo. Mitu imeneyi ndiyo kalendala ya mlimi, ndipo ntchito ya wojambula inali yakuti woonera amve kusintha kwa nyengo ndi maso ake, popanda womuuza. Apa a Pope anapambana. Kumayambiriro dziko lili ndi moyo, pali mvula ndi matope. Pang'ono ndi pang'ono kubiriwira kuzimirira, ndipo pofika pa Njala zonse zili mbuu, nthaka, makoma, zovala ndi mapazi a anthu zasanduka mtundu umodzi wa fumbi. Tsono madzi akatuluka kumapeto ndipo mbewu zamera pakati pa chilimwe, kubiriwira kwake kukoma m'maso monga mchere ukomera munthu amene wadya ndiwo zosakoleretsa mwezi wathunthu. Mwana wa sitandade 3 angathe kutsata nkhani yonse ndi mitundu yokhayi, ngakhale mawu atazimitsidwa.

Chachiwiri ndi thambo. Amene wayenda pa msewu wochokera ku Nkhotakota kukwera ku Kasungu adziwa kuti akatuluka m'nkhalango ya nyama, dziko litambalala ndipo thambo likula. A Pope anapatsa thambo malo aakulu m'chithunzi, nasiya munthu wamng'ono pansi pake. Ichi ndi choona cha moyo wa mlimi wodalira mvula, amene maso ake akhala kumwamba nthawi zonse, pakuti chakudya cha ana ake chili m'mitambo. Panalinso vuto lina limene wosaganiza sangalione: mwini nkhani weniweni ndi mphepo, ndipo mphepo siioneka. Wojambula anayenera kuibwereka thupi kwa zinthu zina, kwa fumbi louluka pa bwalo, kwa masamba ouma, kwa nsalu ya mayi, kuti pamene mapiko a makina ayamba kuzungulira woonera akhale ataizolowera kale mphepoyo ngati munthu wa m'mudzimo.

Chachitatu ndi kudekha pa nkhope. Pamene banja ligwirizana zodya kamodzi pa tsiku, kapena pamene mwana apempha njinga ya bambo ake kuti aidule, kamera siithamanga. Ilola mkwiyo wa bambo ukwere ndi kutsika, ndipo woonera aona kuti mkwiyowo ndi mantha obvala malaya ena. Koma pamalo pamene anthu akankhana pogula chimanga cha boma, kamera ilowa m'kati mwa gululo nikankhidwa nawo, monga ichitira pojambula nkhani zoona. Kudziwa poima ndi pothamanga ndiko kusiyanitsa mmisiri ndi wophunzira.

Khungu Lakuda ndi Kuwala

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Kwa zaka zambiri filimu ya mitundu inakonzedwa poyesa khungu la Azungu. Kampani ya Kodak, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi nkhope ya mkazi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti alinganize makina awo ndi khadilo. Chotero nkhope ya munthu wakuda inali kutuluka bii, maso ndi mano okha ndiwo ooneka, ndipo banja lililonse losunga chithunzi chakale cha ukwati lidziwa vuto limeneli. Amisiri ena anayesa kulithetsa pothira nyali zambiri pa nkhope, koma khungu linatuluka lotuwa ngati lodzola phulusa.

Mmodzi wa amene anasonyeza njira ina ndi Bambo Bradford Young, Mmereka wakuda wobadwa mu 1977 ku Louisville, amene anaphunzira ku Howard University pansi pa Haile Gerima wa ku Ethiopia. Mu Selma wa 2014 ndi m'makanema ena, a Young anachepetsa nyali m'malo mozichulukitsa, nalola khungu kulandira kuwala kofewa, ndipo mdima unakhala bwenzi la nkhope yakuda. Mu 2017 anakhala Mmereka wakuda woyamba kuikidwa pakati pa ojambula opikisana pa mphotho ya Oscar, chifukwa cha Arrival.

Ku Wimbe vuto limeneli linali lalikulu koposa. Masana a chilimwe dzuwa likhala paliwombo niliponya mthunzi m'maso mwa munthu, ndipo m'nyumba ya zenera laling'ono mukhala mdima ngakhale pakati pa usana. A Pope anapyola bwino pakati pa ziwirizi. M'kanemayu khungu la munthu mmodzi lisiyana ndi la mnzake monga zikhalira pa msika, ndipo usiku nkhope zioneka m'kuwala kochepa kosanamiza kuti m'nyumbamo muli magetsi. Mwana wa kuno woonera kanemayu aona nkhope yonga yake itajambulidwa mwaulemu, ndipo ichi chokha nchachikulu.

Zimene Zinawapita

Koma mlendo ndi mame, ndipo mame salowa pansi pa nthaka. Zofooka zilipo, ndipo wophunzira uphunzitsi ayenera kuzitchula mosaopa mbiri ya mmisiriyo.

Choyamba, njala ya m'kanemayu ndi yokongola. Fumbi likakumana ndi dzuwa la madzulo lisanduka golide, ndipo diso limene linakhala nthawi yaitali likuphunzira zithunzi za Turner silinathe kukana golide ameneyu. Amene anapulumuka mu 2002 akumbukira madeya, mizu ya nthochi ndi miyendo yotupa, ndipo palibe wa iwo amene akumbukira kukongola kwa dzuwa. Woonera wa ku London angathe kudzuka pa mpando wake atakhuta m'maso, ndipo kumeneko ndiko kudzoza mafuta kumene lamulo loyamba liletsa. Komabe mlandu umenewu uli ndi mbali ziwiri. Njira ina imene alendo aizolowera, yojambula ana otupa mimba ndi ntchentche kumaso, ivula munthu ulemu wake nimsandutsa chopemphera thandizo. A Pope anasankha ulemu, ndipo anasankha bwino. Koma mtengo wake unali wakuti ululu wina wa njalayo unatsala kunja kwa chithunzi.

Chachiwiri ndi Gule Wamkulu, amene aoneka pa maliro kumayambiriro ndi kumapeto. Kwa Mchewa chilombo chilichonse chili ndi dzina lake, nyimbo yake ndi chiphunzitso chake, ndipo chifika pa bwalo chifukwa cha munthu wakutiwakuti ndi mwambo wakutiwakuti. Ndi chifukwa cha nzeru zimenezi kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Kamera ya m'kanemayu inakonda zilombo chifukwa cha maonekedwe awo odabwitsa, koma woonera sapatsidwa mpata wodziwa chimene zikunena kwa ofedwa. Zaima monga chokongoletsa cha dziko lachilendo. Apa lamulo lachiwiri linasweka, pakuti chilombo chajambulidwa koma tanthauzo lake, limene ndilo malo ake enieni, silioneka kumbuyo kwake.

Chachitatu sichili pa a Pope okha, koma chikhudza ntchito ya maso. M'kanemayu makina a William apopa madzi a m'chitsime napulumutsa mudzi ku njala. M'moyo weniweni makina oyamba anayatsa babu, kenaka mababu angapo ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake; kupopa madzi kunadza zaka zina pambuyo pake. Opanga kanema anasankha madzi chifukwa madzi ayankha funso la njala poyera. Chodabwitsa ndi chakuti nkhani yoona inali ya kuwala, chinthu chenicheni cha wojambula: mnyamata wofuna kuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Kwa mphunzitsi babu ameneyo ali ndi phunziro loposa la madzi, pakuti asonyeza kuti William anayamba ndi kanthu kakang'ono kamene kanali m'mphamvu yake.

Diso Livomera, Khutu Likana

Chofooka chachikulu kwa wophunzira chinenero chili pakati pa chithunzi ndi mawu. Ejiofor anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene atenga mbali ya William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi wa m'nkhaniyo, anabadwira ku Senegal nakulira ku France. Onsewa anaphunzira Chichewa chifukwa cha kanemayu, ndipo ayenera kuyamikidwa, pakuti kukanakhala kwapafupi kulankhula Chingerezi chokha. Koma Chichewa sichili m'malembo mokha. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika alembedwa mofanana, ndipo chowasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu. Kuponya ndi kuphonya asiyana ndi kampweya kakang'ono kotuluka pa milomo. Zinthu zotere ndizo zipunthwitsa lilime la mlendo, ndipo Amalawi ambiri oonera anamva msanga kuti katchulidwe ka ochita sewero ena nkachilendo. Pamene Lily Banda, Mmalawi amene atenga mbali ya Annie, atsegula pakamwa, kusiyana kwake kumveka.

Chotero kanemayu aoneka mwa njira ziwiri. Kwa woonera wakunja, amene awerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, chithunzi ndi mawu zigwirizana. Kwa woonera wa kuno diso livomera kuti kumeneku ndi ku Wimbe ndithu, koma khutu likana. Ndipo pamene chithunzi chili choona kwambiri, ndi pamene kukana kwa khutu kumveka kwambiri. Apa pali phunziro lakuti kamera ingathe kubwereka dziko la eni ake m'miyezi yowerengeka, koma chinenero sichibwerekeka msanga chotero.

Alendo Oyamba ndi Eni Nthaka

A Pope sanali oyamba kudza ndi kamera. Kuyambira 1935 kufikira 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yolipiridwa ndi Carnegie Corporation ya ku New York, inapanga makanema 35 niwayendetsa pa galimoto m'maiko angapo, ndi Nyasaland yemwe. Kuyambira 1948 kufikira 1963, Central African Film Unit ya ku Salisbury inapangira anthu a Nyasaland ndi a maiko awiri a Rhodesia makanema ophunzitsa ulimi, kusunga ndalama ndi kumvera boma. M'makanema ambiri otere Mwafrika anali wophunzitsidwa, ndipo nzeru inali kuchokera kwa wina. Poyerekeza ndi amenewo, kanema wa ku Wimbe wapita patali, pakuti mwini nzeru ndi mwana wa m'mudzi, ndipo kamera imyang'ana chokweza ali pamwamba pa nsanja yake.

Eni nthaka nawonso anayamba kugwira kamera. Bambo Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndipo wachiwiriyo asimba za mudzi wa asodzi pa Nyanja ya Malawi umene moyo wake ukusintha chifukwa cha alendo odzacheza. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nkwanzeru kuphunzira kanoledwe kake; koma mutu wometedwa ndi wa mwini mudzi, ndipo iye ndiye adziwa pamene pali chipsera.

Phunziro kwa Mphunzitsi wa Kunyanja

Mphunzitsi wa ku Nkhotakota akhala pakati pa kuwala kumene mmisiri aliyense angakusirire. Dzuwa lituluka m'madzi; usiku nyali za asodzi a usipa zindandalika pa nyanja ngati mudzi woyandama; nkhungu zikwera kutali ngati utsi; mwera ukawomba madzi asintha mtundu tsiku lisanathe. Ana a m'kalasi mwake aona zonsezi tsiku ndi tsiku, koma kawirikawiri saziyesa kanthu, chifukwa sanazionepo pa chinsalu. Ntchito ya mphunzitsi ndiyo kuwadziwitsa kuti maso awo nawonso asankha.

Ichi sichifuna magetsi kapena kamera. Mwana aliyense aboole zenera laling'ono pa katoni, apite nalo ku gombe, nasankhe chimene chilowe m'zeneralo: bwato lokha, kapena bwato ndi mwini wake, kapena mayi woyanika usipa ndi thambo lonse pamwamba pake. Pobwera m'kalasi afotokoze chimene anasankha ndi chimene anasiya kunja, ndi chifukwa chake. Mwana amene wachita ichi kamodzi adzadziwa kufunsa, poonera kanema aliyense, kuti wojambula anaima pati ndipo anabisa chiyani.

Pambuyo pake alembe chithunzicho ndi mawu, pakuti Chichewa chili ndi kamera yakeyake m'mawu a mvekero. Kunja kukacha kuli ngwee. Usiku wopanda mwezi kuli bii. Dambo la mpunga lili biriwiri. Dzuwa lolowa kumapiri lili psuu. Nthaka ya chilala ili mbuu. Chinenerochi chisiyanitsanso mbandakucha ndi m'mawa, madzulo ndi chisisira, nthawi zimene ojambula azidikira maola ambiri kuti azigwire. Chimene a Pope anachita ndi mitundu m'zigawo 5 za kanema wawo, agogo osimba nthano akhala akuchichita ndi mawu otere kuyambira kale. Mphunzitsi amene aonetsa ana kanema wa ku Wimbe achite bwino kuwafunsa mawu a mvekero oyenera chigawo chilichonse, ndiponso kuwapempha atchule bwino mawu amene amva kuti atchulidwa mwachilendo. Potero anawo adzayamika mlendo pa zimene anaona bwino, ndipo adzazindikira kuti pali zina za kwawo zimene adziwa ndi iwo okha, zimene zikudikira mmodzi wa iwo kuti adzazijambule.